Thumba la Nshawa Pakati pa Ine ndi Apongozi

Ine sindine munthu wa nkhani zambiri. Koma anthu a kutchalitchi andifunsa mokwanira, ndiye ndalemba kamodzi. Wofuna awerenge, asandiimikenso panjira.

Kwathu ndi kum'mawa kwa boma la Lundazi, kufupi ndi malire. Ndimalima chimanga ndi fodya. Ndinakwatira NyaBanda zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo. Amayi ake, a NyaZimba, amakhala tsidya la dambo, m'mudzi wa malemu amuna awo. Zaka zonsezo sindinalankhulepo nawo maso ndi maso. Kwathu mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi, sadya iwo akuona, sawapatsa chinthu m'manja, satchula dzina lawo. Tikakumana panjira, ine ndimalowa m'tchire kumanja, iwo kumanzere. Moni timapatsana chogwada, nkhope kumbali. Ena analeka zimenezi. Ife sitinaleke, ndipo zinkatiyendera bwino.

Lachiwiri lina mu Ogasiti apongozi ananyamula thumba la nshawa, ena amati mtedza, kukagulitsa ku msika wa Lundazi. Anaimitsa lole. M'lolemo munali matenanti a fodya ochokera ku Malawi, opanda mapepala. Pafupi ndi boma a imigireshoni anali atatseka msewu. Onse anatsitsidwa.

Anawafunsa reji, chitupa chathu cha nzika. Analibe. Sanatengepo, ankati chitupa n'cha anthu oyendayenda. Anawafunsa kumene anabadwira, ndipo apa ndi pamene zinaipa. Amayi awo anali a tsidya lija, ku Malawi. Mwa mwambo, mwana woyamba amakabadwira kwa agogo ake akuchikazi. Apongozi anabadwira kumeneko, n'kubwera kuno ali kumsana, a miyezi itatu. Bambo awo anali a kuno. Koma wa yunifolomu sanafunse za bambo, anafunsa malo. Apongozi sanama. Anati, "Ku Kavuwula, ku Malawi." Amene analipo akuti ananena monyada.

Uthenga unabwera ndi mayi wina wogulitsa tomato. NyaBanda anali ndi pulasitala kumwendo, anagwa pa ngolo. Alongo ake onse ali ku Kitwe.

"Mupite ndinu," anatero.

"Ine? Ndikalankhula nawo bwanji?"

"Mukaona komweko. Mukabwera opanda amama, mukagone kukhola."

Lachitatu m'mawa ndinapalasa njinga mpaka kumsewu, n'kuisiya pa golosale. Ndinakwera kalole ka mbuzi mpaka ku boma. Ku ofesi ya imigireshoni ndinapeza mtsikana wa yunifolomu, waulemu ndithu.

"Mufuna ndani, adada?"

"A NyaZimba. Anagwidwa dzulo."

Anatsegula buku. "A NyaZimba tili nawo atatu. Dzina loyamba?"

Sindinkalidziwa. Palibe anandiuzapo, inenso sindinafunsepo. Ndikanalifuniranji?

"Ni bululu wanu?" anafunsa, kutanthauza m'bale.

"Apongozi."

"Apongozi anu simuwadziwa dzina?"

Ndinatuluka panja n'kuimbira NyaBanda. Anati, "Ine nditchule dzina la amama pafoni, anthu akumva? Dikirani." Anatumiza uthenga wolemba. Ndinalowanso, n'kutembenuzira foni kwa mtsikana uja, maso anga ali kudenga. Dzinalo ndinaliona pang'ono, mwangozi. Mtsikanayo anaseka mpaka kuitana mnzake kuti adzandione. Atatha anati, "Pepani, adada. Awapeleka ku Chipata m'mawa muno. Mawa awaolotsa pa Mwami."

"Malire ali pafupi pompa. Bwanji Chipata?"

"Mapepala amadinda ku Chipata."

Kuchokera pakhomo pa apongozi kufika ku Malawi, mbuzi imapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Boma linaona kuti ndi bwino awazungulitse.

Pa siteshoni ndinapeza minibasi yotsala pang'ono kudzaza. Kondakitala anati, "Atsala awili chabe, mudala, kwelani." Ndinalipira makwacha mazana awiri n'kukhala. Atakwera munthu wina, mmodzi wa okhala kale anatsika. Atakwera winanso, winanso anatsika. Ndinazindikira mochedwa kuti anthu aja ndi olembedwa ntchito yokhala, kuti basi izioneka yodzaza. Ntchito yabwino. Ndinafika naini koloko, tinanyamuka wani koloko itadutsa.

Munthu wina anali atagula chitseko chatsopano. Pamwamba panalibe malo, ndiye anachigoneka pa mawondo athu, mizere iwiri. Mayi wa pambali panga anayamba kusendapo malalanje.

Titadutsa Lumezi tayala linaphulika. La sipeya linalinso lopanda mpweya. Kondakitala anabwereka njinga kwa munthu wodutsa, n'kumanga tayala kumbuyo, ulendo wa ku mphambano ya ku Chikomeni kukamatitsa. Tinatsitsa chitseko, kuchiika pa miyala, azimayi n'kukhalapo. Mwini wake ankazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Musachikande, mayo! N'cha nyumba ya mkazi watsopano."

"Wakale munamugulira chiyani?" anafunsa mayi wa malalanje.

Anapitiriza kuzungulira chitseko chake.

Mkulu wina wa chipewa cha chikopa anandifunsa kumene ndikupita.

"Kukatenga apongozi."

"Pepani. Anamwalirira kuchipatala?"

"Ali moyo. Awathamangitsa m'dziko."

Anandiyang'ana nthawi. Kenako anavula chipewa n'kundigwira chanza ndi manja awiri. "Achimwene, ena timapempherera zimenezi zaka ndi zaka. Inu zakuchitikirani, ndiye mukukazibwezanso?"

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, imene sinafikepo ndi ku Chipata komwe, ikutsitsidwa m'dziko limene silidziwa munthu ngakhale mmodzi. Tayala linabwera patatha maola atatu. Mu Chipata tinalowa kutada. Ndinagona pa benchi pa siteshoni, palibe chonena.

Lachinayi ndinalawirira ku ofesi. Anati galimoto yanyamuka kale. Ndinakwera takisi ya ku Mwami. Kagalimoto ka anthu anayi, tinalowa asanu ndi awiri. Ine ndinagawana mpando ndi dalaivala. Giya inali pansi pa bondo langa, ndiye akafuna kusintha ankati, "Nyamulani, mudala."

Ndinawapeza. Pakati pa zipata ziwiri, cha Zambia ndi cha Malawi, pali malo amene malole amaima. Pansi pa mtengo, apongozi anali atakhala pa thumba lawo la nshawa, duku lili chilili ngati akupita ku mgonero. Ndinamva pambuyo pake kuti anakana kusiyana nalo masiku awiri onse, ndipo ankagona atalitsamira.

Ndinagwada chapatali, nkhope kuyang'ana tayala la lole, n'kuwomba m'manja. Iwo anatembenukira ku mtengo, n'kuwombanso. Basi. Apo zinathera. Ine sindingayambe, iwo sangayambe. Tinakhala choncho mwina mphindi khumi, madalaivala akutiyang'ana.

"Inu ndiye akamwini aja?"

Anali bambo wamfupi, wa jekete lalikulu. Anati dzina lake ndi Gondwe, tenanti wa m'lole yomwe ija, kwawo kufupi ndi Jenda.

"Ine aka n'kachitatu kundibweza," anatero. "Boma la Zambia limandikonda. Fodya akangotha, limandiperekeza pa galimoto ulele. Nenani, ndikufikitsireni mawu."

"Auzeni kuti ndabwera."

Gondwe anayenda mapazi asanu. "Amama, akamwini anu akuti sanagone, sanadye, alira njira yonse kuchokera ku Lundazi."

"Sindinatero," ndinatero.

Apongozi amalankhula Chitumbuka, koma ndilemba m'Chinyanja kuti nonse mumve. Anati, "Auzeni kuti achedwa. Ndipo nkhuku zanga akutsekera ndani?"

Tinapita atatu ku ofesi ya mbali yathu, ine patsogolo, Gondwe pakati atasenza thumba. Bwana wa pamenepo anamvetsera nkhani yonse ya kubadwira kwa agogo. Anagwedeza mutu. Anati kwawonso amatero. Koma pepala ladindidwa, iye sangalifufute. Anati nkhaniyi ikakonzedwe ku Lundazi, ndi mboni za kwa bambo awo.

"Nanga ku Lundazi afikako bwanji, pamene simuwalola kulowa?"

Anakanda m'mutu. "Funso labwino, mudala." Anaitana wotsatira pamzere.

Mbali ya Malawi anafuna chiphaso cha unzika. Palibe. Anafunsa mudzi, apongozi anatchula wa amuna awo. Anafunsa mfumu, anatchula ya ku Zambia. Anafunsa boma, anati Lundazi.

"Agogo, ndiye ndinu a kuti?"

"Funsani amene anandinyamula. Ine ndimapita kumsika."

Bwanayo anaika cholembera pansi n'kupukuta kumaso. Pomaliza analemba Kavuwula, n'kunena kuti apite kumeneko abale akawazindikire. Ine anandidindira kapepala ka masiku ochepa. Gondwe anati malo amenewo akuwadziwa, ndi kupitirira Jenda, ndipo kuchokera pamenepo kwathu n'kungodumpha mtunda umodzi. Choncho njira yobwerera kunyumba inali yodzera Mchinji, Kasungu ndi Jenda. Ndinasinthitsa ndalama, anandipatsa mpukutu waukulu. Ndinali wolemera mpaka pa Mchinji.

Minibasi ya ku Kasungu inali ndi malo atatu, mzere wa kumbuyo. Gondwe anathamangira pawindo chifukwa akuti amasanza. Kondakitala anati, "Agogo apa, bambo apa. Fendanani, fendanani."

"Sizitheka," ndinatero.

"Mwayambana?"

"Ndi apongozi awo," anatero Gondwe. "A ku Zambia awa, amasunga zakale."

"Ndiye wina atsale."

Apongozi analoza thumba ndi chibwano. Kondakitala anamva msanga. "Likhale pakati? Chabwino. Koma lilipire ngati munthu."

Linalipira. Tinasuntha mnyamata wina kupita kutsogolo, thumba linakhala pampando, apongozi mbali iyo, ine mbali ino. Msewu wa kupitirira Kamwendo uli ndi maenje ake. Basi ikadumpha, thumba linkafuna kugwera kutsogolo, ndiye ndinalikumbatira ndi manja awiri. Mayi wina anatembenuka n'kunena kuti sanaonepo mwamuna wokonda mtedza chotere.

Pa Kapiri apolisi anatiimitsa kufuna ziphaso. Apongozi anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa pepala lowathamangitsira lija, lopindidwa bwinobwino. Analipereka ndi manja awiri. Wapolisi anawerenga, n'kuwayang'ana, n'kubweza.

"Auzeni awiske Suzgo," anatero kwa Gondwe. Suzgo ndi mwana wanga woyamba, ndipo ndi mmene amanditchulira. "Auzeni kuti tsopano nanenso ndili ndi pepala la boma. La chidindo."

Tinafika pa Kasungu cha m'ma folo koloko. Ine chidyere malalanje a mayi uja dzulo lake. Apongozi chidyere phala la ku Chipata. Gondwe anagula chipisi n'kumadya pakati pathu, akutafuna mokweza.

"Amama, mudyeko."

"Ndakhuta."

"Akamwini?"

"Sindimva njala."

M'mimba mwanga munalira, anthu a pa benchi ina anamva.

Ndinadikira pang'ono, n'kunena kuti ndikukafuna chimbudzi. Ndinagula mazira awiri owiritsa ndi mandasi, n'kuzungulira kuseri kwa kagolosale kena, chakumanja. Ndinaponya dzira lathunthu m'kamwa. Pomwepo munthu anatulukira chakumanzere, akuyenda chobwerera m'mbuyo, akusuzumira kumene wachokera. Anatembenuka. Apongozi. Chimanga chowotcha chili kukamwa, ngati akuliza chitoliro.

Tinayang'anana. Kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Ali ndi kachipsera pamwamba pa diso.

Dzira silinkatsika, silinkatuluka. Ndinatembenukira kukhoma. Iwonso anatembenukira kukhoma lomwelo, mbali yawo. Ndinamva akupitiriza kutafuna. Ndiye nanenso ndinapitiriza. Tinadya choncho, aliyense akuyang'ana njerwa zake, mpaka kumaliza. Iwo anabwerera kumanzere, ine kumanja.

"Chimbudzi mwachipeza?" anafunsa Gondwe.

"Ndachipeza."

"Amamanso akuti achipeza. Koma nonse mwabwerako ndi mafuta pamilomo."

Tinagona pa Kasungu, apongozi ku nyumba ya alendo pamodzi ndi azimayi a geni, ife amuna pa depoti. Lachisanu tinakwera basi yaikulu ya ku Mzuzu. Munali malo, thumba linayenda ulele. Pa Jenda tinatsika.

Mpukutu wanga unali utatha. Apongozi anakhala pansi pakati pa azimayi ogulitsa tomato ndi anyezi, n'kumasula thumba. Sindinaonepo munthu wokakamira mtengo chonchi. Mayi wina anati nshawazo ndi zazing'ono. Iwo anati, "Zayenda maiko awiri izi, zagona m'manja mwa boma. Zanu zafika kuti?" Anagulitsa pafupifupi zonse, kutsala za pansi. Anamuthirira Gondwe mbale ziwiri m'matumba a jekete.

Pamenepo Gondwe anati njira yake yapatuka. Anatikweza matola ya msewu wafumbi, n'kuuza dalaivala potitsitsa.

"Nanga tizilankhula bwanji?" ndinamufunsa.

"Mwadya kale limodzi, chatsala n'chiyani?" Anatigwedezera dzanja. "Tionana chaka chamawa, pa lole."

Matola inatitsitsa pa mtengo wa mkuyu masana. Panalibe munthu. Njira ziwiri. Ndinaika thumba pansi n'kuyang'ana kumwamba. Apongozi anayang'ana nyerere. Patapita nthawi anatsokomola.

"Thumba iwe," anatero. "Uwafunse awiske Suzgo ngati dalaivala anati kumanja kapena kumanzere."

Ndinaliyang'ana thumbalo. "Thumba, uwauze amama kuti anati kumanzere."

Linagwira ntchito bwino kuposa Gondwe. Silinkawonjezera.

Kavuwula ndi nyumba mwina khumi ndi zisanu, kagolosale ka sola ndi mjigo. Pa mjigo panali azimayi atatu. Apongozi anapereka moni, n'kutchula dzina la amayi awo. Azimayiwo anayang'anana. Anatchula atsibweni awo awiri. Anatchula agogo amene anawalandira pobadwa.

Mmodzi anati, "Mayina amenewo ndinawamvapo, pa maliro. Koma mtundu umenewo unasamuka kale, ife tisanabadwe. Ena amati ku Rumphi, ena ku maesiteti."

Anatiperekeza pamene akuti panali nyumba zawo. Ndi munda wa soya tsopano. Pakati pali mtengo wa mango wakale, basi. Apongozi anaima m'mphepete mwa mundawo, manja kumbuyo. Ine ndinaima chapatali, thumba lili m'manja.

"Ndinu alendo a ku Zambia eti?" anafunsa mayiyo. "Kalankhulidwe kakumveka."

Apongozi anayang'ana mtengo wa mango uja. Ku Zambia anawauza kuti ndi a ku Malawi. Ku Malawi, pa munda womwe anabadwira, akuwauza kuti ndi a ku Zambia. Anaima nthawi yaitali. Ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku, ndiye ndinayang'ana kumbali. Zimenezo ndinazolowera.

"Thumba," anatero, mawu ali pansi. "Uwauze kuti kuno ndaonako. Tiyeni kwathu."

Azimayi aja anatilozera njira ya kuchigayo. Anati chigayo chapafupi chili mbali yathu ya Zambia, ndipo amapitako kawiri pa sabata, chimanga pamutu, palibe amafunsa pepala. Ine ndinali ndi mantha. Munthu wobwezedwa ndi boma kulowanso podzera kuchigayo ndi mlandu, ndipo womuperekezayo ndi mlandunso. Koma pachipata sakanawalola, ndipo pansi pa mango sindikanawasiya.

Tinawoloka dambo louma. Ine patsogolo, iwo mapazi makumi awiri kumbuyo. Titayamba kukwera mtunda, ndinasiya kumva mapazi awo. Ndinacheuka pang'ono. Anali atakhala pa mwala, nsapato za pulasitiki zili m'manja. Mapazi anali atatupa ngati maungu. Masiku anayi a pa simenti ndi m'magalimoto.

Ndinabwerera n'kuika thumba pakati. Tinadikira, mwina padutsa wa njinga. Sipanadutse munthu. Dzuwa linayamba kupendeka.

"Thumba," ndinatero. "Uwauze amama kuti ndiwabereka."

Anaika nsapato pansi.

"Thumba, uwauze kuti apenga."

"Thumba, uwauze kuti mtunda ndi wautali."

"Thumba, uwauze apite akatenge ngolo. Ine ndidikira."

"Thumba, uwauze kuti ngolo siingakwere pano. Ndipo ndikafika ndekha, mwana wawo akandigoneka kukhola."

Ndinamva kakuseka kamodzi, ka m'mphuno. Ndiye ndinamva nshawa zikukhuthulidwa. Anazithira m'chitenje chapadera n'kumanga m'chiuno. Thumba lopanda kanthu analikung'untha, kulipinda kawiri.

"Thumba, uwauze agwade. Ayang'ane kutsogolo."

Ndinagwada. Anayala thumba pamsana panga, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, n'kulisalaza bwinobwino kuti pasatsale malo.

"Thumba, ugwire ntchito yako," anatero, n'kukwera.

Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikudumphira m'minga chifukwa cha munthu wopepuka chonchi.

Ndinakwera mtunda pang'onopang'ono. Manja awo anagwira thumba, osati mapewa anga. Pamwamba penipeni pali chipilala cha simenti chofika m'chiuno. Amenewo ndiwo malire. Mbuzi ina inali ikudzikanda pamenepo. Sinatifunse kanthu.

"Thumba," anatero tikutsika. "Uwauze kuti msana wawo uli ngati makwerero. Mwana wanga sawapatsa chakudya?"

"Thumba, uwauze kuti amandipatsa. Koma masiku atatu ano ndimadyera kuseri kwa magolosale."

Anaseka, ndinamva thumba likugwedezeka. Patsogolo panaoneka denga la tchalitchi chathu, ndi mitengo ya bulugamu ya kumanda kumene kuli amuna awo. Ndiye chapansipansi anati, "Yewo, mwana wane."

Ndinatsala pang'ono kupunthwa.

"Ndimauza thumba," anatero msanga.

"Lamva," ndinatero.

Ndinawatsitsa m'tchire tisanalowe m'mudzi, kuti anthu asaone. Koma mayi wina wotola nkhuni anationa. Pofika Lamulungu tchalitchi chonse chinali chitadziwa, mpaka amene amakhala kutsogolo.

NyaBanda analira, kenako anandikalipira chifukwa chosiya njinga pa golosale masiku atatu. Ndinagona m'nyumba.

Koma nkhani inali isanathe. Apongozi anali kwawo ngati wakuba. Galimoto ikalira kumsewu, ankalowa m'nkhokwe. Ndiye Lolemba tinapita tokha ku boma, kukadzipereka. Tinatenga a Zimba, nkhalamba ya kwa bambo awo, yomwe ili ndi reji yakale yothothoka m'mbali. Abusa anatipatsa kalata, ndi khadi la ubatizo limene analipeza m'bokosi la mpingo. Pa kalole a Zimba anakhala pakati.

Tinapeza mtsikana yemwe uja. Anaimirira.

"Amama! Si inu tinakupelekani? Mwabwela bwanji?"

"Pa thumba," anatero apongozi.

Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga. Anaitana bwana wake. Bwanayo anatikalipira ndithu, ndipo ndinavomera kuti ndinalakwa. Kenako anawerenga khadi la ubatizo, anamva a Zimba, n'kunena kuti ngati bambo anali a kuno, nkhaniyi ili ndi njira yake. Anatitumiza ku ofesi ya mareji. Tinapita katatu. Ulendo woyamba fomu inatha. Wachiwiri wojambula anali ku maliro.

Ulendo wachitatu anati pakufunika mboni yachiwiri yolumbira kuti ikuwadziwa, kuti akhala kuno zaka zonsezi. Panalibe wina, ndine. Wolumbiritsa anandipatsa Baibulo.

"Tchulani dzina lonse la munthu amene mukumuchitira umboni."

Ndinatulutsa foni kuti ndimuonetse uthenga uja.

"Ayi, adada. Lumbiro silikhala la pafoni. Pakamwa."

"Ndi apongozi anga."

"Ndadziwa. Boma lonse likudziwa. Koma mukapanda kutchula, fomu iyi sindisaina, ndipo amama akhalabe opanda dziko."

Apongozi anali pa benchi kumbuyo kwanga. Chipinda chinali chodzaza, anthu a pamzere anasiya kulankhula. Ndinaganiza za munda wa soya uja.

Ndinalitchula. Lonse, mokweza, kamodzi. Pano sindilemba.

Wolumbiritsa anasaina n'kumenya chidindo. Ndinkadikira kumva kuti ndilipe mbuzi. Ndiye ndinamva kukhwekhwereza. Apongozi anali atabwera nalo thumba lija, lopindidwa m'chikwama. Analitulutsa, kuliyala pa mawondo, n'kulisisita.

"Thumba," anatero. "Uwauze awiske Suzgo kuti atchula bwino. Koma asazolowere."

Reji inatuluka. Amaisunga m'thumba lomwelo, pansi pa pilo, pamodzi ndi pepala lowathamangitsira. Dzulo tinakumana pa njira ya kudambo. Ine ndinalowa kumanja, iwo kumanzere.